Pa hibachi, malawi a moto sindiwo amalandira mlendo

Amene anakhalapo pa tebulo la hibachi, m'malesitilanti aja a ku America momwe chakudya chimaphikidwa pamaso pa makasitomala, amaidziwa mphindi imene wophika amadula anyezi m'mphetemphete, n'kuzisanja zazikulu pansi zazing'ono pamwamba, kenako n'kuthira mafuta pakati ndi kuyatsa, moto n'kubuka ngati phiri lophulika. Ana amafuula, akuluakulu amakankhira mipando kumbuyo uku akuseka, ndipo mafoni onse amakwera m'mwamba nthawi imodzi. Pambuyo pake dzira limavina pa chipande chachitsulo, mchira wa shrimp, kanyama ka m'nyanja konga nkhanu, umauluka n'kukagwera m'chipewa cha wophika, ndipo mpunga wokazinga umaumbidwa ngati mtima n'kuyamba kugunda. Anthu ambiri akatuluka mu lesitilanti yotere amanena kuti alandiridwa bwino kwambiri, ndipo ukawafunsa chifukwa chake amakuuza za moto ndi mipeni. Ine ndikutsutsa kaweruzidwe kameneka. Masewera a wophika ndi chinthu chimodzi, kusamalira mlendo ndi chinthu chinanso, ndipo malesitilanti ambiri a hibachi azolowera kubisa kuperewera kwa chisamaliro kuseri kwa phokoso la masewerawo.

Dzina lenilenilo liyenera kuwongoledwa kaye, chifukwa nkhani yonse imayambira mmenemo. Ku Japan, mawu oti hibachi amatanthauza mbale ya moto, chiwiya chadothi, chamtengo kapena chachitsulo chothiramo phulusa ndi makala, chimene anthu ankaothera m'nyumba nyengo yozizira ndi kuwiritsirapo madzi a tiyi. Kunena mwachidule, hibachi ndi mbaula. Chimene anthu a ku America amachitcha hibachi, eni ake ku Japan amachitcha teppanyaki, kuchokera ku mawu awiri, teppan amene ndi chitsulo chophwatalala, ndi yaki amene ndi kuwotcha kapena kukazinga. Amene anaimapo pa chiwaya pamsika kapena pa depoti ya basi, n'kumaloza nthuli imene akuifuna pamene ikukazingidwa iye akuona, ali nacho kale chithunzi cha teppanyaki m'mutu mwake. Kusiyana kwake n'kwakuti chitsulo cha kumeneko ndi chachikulu ndi chosalala, chimatenthedwa ndi gasi kapena magetsi, ndipo chazunguliridwa ndi mipando mbali zitatu, mbali yachinayi n'kukhala ya wophika.

Kaphikidwe kameneka si kamakedzana monga mmene zokongoletsa za m'malesitilantimo zimafunira kuti tikhulupirire. Lesitilanti ya Misono, imene Shigeji Fujioka anatsegula ku Kobe mu 1945, ndiyo imanena kuti inayamba kuwotcha nyama ya ng'ombe pa chitsulo chotere pamaso pa makasitomala, ndipo amene anaikonda kwambiri poyamba anali alendo ochokera kunja, makamaka asilikali a ku America amene anali m'dzikomo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Choncho kuyambira pachiyambi, teppanyaki inali chakudya cha ku Japan chimene maso ake anali pa mlendo.

Amene anachisandutsa chionetsero ndi Hiroaki Aoki, amene anthu ankamudziwa ndi dzina loti Rocky. Iyeyu anapita ku America ngati katswiri wa masewera olimbana, anagulitsa ayisikilimu pagalimoto m'misewu ya ku Harlem, dera la mumzinda wa New York, mpaka anasunga madola 10,000, ndipo mu 1964 anatsegula lesitilanti ya matebulo anayi okha pa msewu wa West 56th ku New York. Anaitcha Benihana, dzina la duwa lofiira limene makolo ake anali atatchula kale malo awo ogulitsira khofi ku Tokyo. Malonda sanayende bwino miyezi yoyambirira, kufikira pamene Clementine Paddleford, amene ankalemba za zakudya mu nyuzipepala ya New York Herald Tribune, anaiyamikira lesitilantiyo, ndipo anthu anayamba kukhamukirako. Malesitilanti ambirimbiri amene lero amadzitcha a hibachi, ngakhale amene alibe ubale uliwonse ndi Benihana, akuyenda m'mapazi a mwamuna ameneyu, amene anamwalira mu 2008.

Chimene anthu ambiri odyera kumeneko sachidziwa n'chakuti nzeru ya Aoki inali ya masamu kuposa ya zisudzo. Mu 1972, sukulu ya zamalonda ya Harvard inalemba phunziro lokhudza Benihana limene ophunzira akhala akuliwerenga kwa zaka zambiri, ndipo chimene phunzirolo likuonetsa ndi mmene kutulutsa wophika m'khitchini n'kumuika pakati pa makasitomala kunachepetsera ndalama zoyendetsera lesitilanti. Malo a kuseri, ophikira ndi osungira katundu, amene m'malesitilanti wamba ankatenga pafupifupi 30 peresenti ya nyumba yonse, kwa Aoki ankatenga pafupifupi 22 peresenti, ndipo malo otsalawo ankaikamo mipando yobweretsa ndalama. Malipiro a antchito ankadya pakati pa 10 ndi 12 peresenti yokha ya ndalama zolowa, chifukwa munthu mmodzi ankagwira ntchito ya wophika ndi ya woperekera chakudya nthawi imodzi. Ndiwo zinali zitatu basi, nyama ya ng'ombe, nkhuku ndi shrimp, kotero kuti zotayika zinali zochepa. Anthu ankakhazikidwa asanu ndi atatu pa tebulo limodzi, odziwana ndi osadziwana omwe, ndipo amene ankadikira kuti tebulo lidzaze ankadikirira ku bala, kumene ankagula zakumwa.

Sindikunena zimenezi pofuna kunyoza, pakuti lesitilanti si nyumba ya zachifundo ndipo munthu wopeza njira yodyetsera anthu ambiri pa malo ochepa ayenera kupatsidwa ulemu wake. Ndikuzinena chifukwa zimatithandiza kumvetsa ntchito yeniyeni ya masewera a pa chitsulopo. Masewerawo ndi wotchi. Wophika akafika, aliyense amasiya nkhani zake n'kuyang'ana kutsogolo. Iye ndiye amalamula nthawi imene mpunga ufike m'mbale, nthawi imene nyama itsatire, ndipo akamaliza kupala chitsulo chake, kuwerama ndi kukankha ngolo yake n'kumapita, aliyense amamva m'thupi kuti mwambo watha ndipo akuyenera kupereka malo kwa ena, ngakhale palibe amene wamuuza. Ndi njira yaulemu kwambiri yothamangitsira munthu imene ndinaionapo. Koma popeza dongosolo lonse linamangidwa kuti anthu asanu ndi atatu adye ngati munthu mmodzi, chinthu choyamba chimene chimatayika ndi munthu payekha, amene ali ndi msinkhu wake, manyazi ake ndi matenda ake.

Ndinaziona ndi maso anga chaka china pamene azakhali anga anabwera kudzationa ku America, ine n'kuganiza zowasangalatsa powatengera ku lesitilanti ina ya hibachi m'tauni ina ya ku Indiana. Ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, amene anavala chitenje chawo chabwino ndi duku lake tsiku limenelo, chifukwa kwa iwo kuitanidwa ku chakudya ndi chinthu chachikulu. Tinadikira ku bala kwa theka la ola ngakhale tinali titasungitsa malo, ndipo palibe amene anatifotokozera kuti tikudikira anthu ena oti adzaze tebulo lathu. Atatikhazika, msuzi ndi saladi zinafika pamodzi n'kuchotsedwa tisanamalize, chifukwa wophika anali atafika kale ndi ngolo yake. Anali mnyamata waluso ndithu, mipeni yake inkalira ngati ng'oma, ndipo pa phiri la anyezi lija azakhali anaseka mpaka kugwira pakamwa.

Zinthu zinasokonekera pamene anayamba kudula masamba m'tiziduswa n'kumaponyera m'kamwa mwa aliyense motsatana. Achinyamata amene tinakhala nawo anayasamula mosangalala, ena anawakha, ena anaphonya, onse n'kumaseka. Atafika pa azakhali, iwo anakweza dzanja mwaulemu n'kupukusa mutu, chizindikiro chimene munthu wa mtundu uliwonse amachimva. Mnyamatayo anaganiza kuti ndi manyazi ongofunika kuwakankha pang'ono, anayamba kuomba chipande pa chitsulo, tebulo lonse n'kuyamba kuwaimbira m'manja, ndipo kachidutswako kanauluka n'kukagwera pachifuwa pawo, kusiya banga la mafuta ndi msuzi wa soya pa bulauzi. Aliyense anaseka kupatula iwo. Anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, “Mwanangu, kodi kuno chakudya amachita kuponyera munthu ngati galu?” Ndinasowa choyankha. Nyama yawo, imene ndinapempha kawiri konse kuti ipse bwinobwino, inafika ili yofiira m'kati, ndipo kapu yawo ya madzi inakhala youma mpaka tinanyamuka, chifukwa mtsikana woperekera zakumwa anali ndi matebulo ochuluka kuposa mphamvu zake.

Chondivutitsa kwambiri n'chakuti achinyamata aja anatuluka akunena kuti sanalandiridwepo bwino chotere, ndipo mwina anakalemba zomwezo pa intaneti n'kupereka nyenyezi zisanu. Sankanama, chifukwa kwa iwo usikuwo unali wokoma. Koma mwini lesitilanti akawerenga mayamiko otere amakhulupirira kuti zonse zili bwino, pamene munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu wapita kunyumba atachititsidwa manyazi ndiponso ali ndi njala. Anthu onga azakhali anga salemba madandaulo. Amangokhala chete ndipo sabwereranso. Kwa munthu amene anakula akudziwa kuti mbale ya mlendo imaperekedwa ndi manja awiri, wopereka atagwada kapena atanyonyomala pang'ono, kuponyeredwa chakudya si nthabwala, ndipo safunika kupepesa kwa aliyense chifukwa chosaseka.

Wina anganene kuti ndikufuna kuchotsa mchere mu ndiwo, ndipo mfundo yakeyo ili ndi mphamvu imene sindingaikane. Munthu amapita ku hibachi akudziwa kuti akupita ku chionetsero, ndipo ukachotsa moto ndi nthabwala umatsala ndi mpunga wokazinga ndi nyama yowotcha pa mtengo wokwera. Ana amene sakhazikika mu lesitilanti ina iliyonse amakhala phee kwa ola lathunthu akuyang'ana manja a wophika, ndipo makolo amadziwa kufunika kwa ola lotere. Anthu osadziwana, amene m'mizinda ikuluikulu ya ku America sangapatsane moni ngakhale mu basi, amapezeka akuombera m'manja mwana wa mnzawo pa tsiku lake lobadwa. Zonsezi ndi zabwino, ndipo walira mvula walira matope: amene wasankha kukhala pafupi ndi chitsulo chamoto asadandaule utsi pa malaya. Ndikuvomereza. Chimene sindikuvomereza ndi kuganiza kuti munthu akalowa pakhomo la hibachi wasaina kuti achitidwe chilichonse chimene chili pa ndandanda ya masewera. Wakhala pansi kuti aonere, ndipo kulowa m'bwalo kapena kusalowa ndi chisankho chake.

Kuti zimenezi n'zotheka ndinazitsimikiza pa lesitilanti ina, m'mzinda wina, kwa wophika wachikulire pang'ono amene masewera ake anali ochepa poyerekeza ndi a mnyamata uja. Asanayatse chilichonse anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, anabwereza zimene aliyense anaitanitsa ndi mmene akufunira kuti nyama yake ipsere, ndipo anafunsa ngati pali amene thupi lake siligwirizana ndi chakudya china. Pa tebulopo panali kamwana ka zaka ngati zitatu kamene kanakakamira khosi la amayi ake moto wa tebulo loyandikana nalo utabuka. Iye anakaona, ndipo nthawi ya phiri la anyezi itakwana analisunthira ku ngodya yakutali, analiyatsa pang'ono chabe, kenako analikankha pang'onopang'ono utsi ukutuluka pamwamba n'kuliza belu ngati sitima ya pamtunda, mwanayo n'kuyamba kuseka. Panalinso bambo ndi mayi amene sankalankhula ndi aliyense ndipo nkhope zawo zinkaonetsa kuti ali ndi zawo zowalemera; iwowa sanawaponyere kanthu, sanawafunse kuti akukondwerera chiyani, anangowaikira chakudya chawo mwakachetechete. Poponya masamba ankayamba wakweza kachidutswako m'mwamba n'kuyang'ana munthuyo m'maso, ndipo ukangogwedeza mutu kukana, ankapitirira popanda ndemanga. Zonsezi sizinamutengere mphindi ngakhale ziwiri zowonjezera, ndipo wotchi ya mwini lesitilanti inayenda monga mwa masiku onse.

Chimene bamboyo ankachita chili ndi dzina ku Japan. Amachitcha omotenashi, mawu amene dziko lonse linawamva mu 2013 pamene Christel Takigawa anawatchula mwapang'onopang'ono ku Buenos Aires, pokopa komiti ya Olimpiki kuti ipereke masewera a 2020 ku Tokyo. Tanthauzo lake ndi kusamalira mlendo mwa kuona chimene akusowa iye asanachitchule, popanda kuyembekezera mphotho. Kumaonekera m'tinthu ting'onoting'ono, monga kansalu konyowa kotchedwa oshibori kamene amakupatsa kuti upukute m'manja usanadye, kotentha nyengo yozizira ndi kozizira nyengo yotentha, kamene sikasiyana kwenikweni ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda zimene mwana amabwera nazo kwa alendo nsima isanafike. Ndiponso m'malesitilanti apamwamba a teppanyaki ku Japan komweko, wophika nthawi zambiri saponya kanthu. Amakuonetsa nyama isanapse, amaidula mwakachetechete, amaika nthuli zochepa m'mbale yako pa nthawi imene wamaliza zoyamba, ndipo luso limene umaonerera ndi la kudekha kwa manja ake. Sindikunena kuti malesitilanti a ku America atengere zimenezo ndendende, ndiponso sindili m'gulu la anthu odandaula kuti hibachi si chakudya chenicheni cha ku Japan, kuti msuzi woyererako wotchedwa yum yum unabadwira ku America, kapena kuti ophika ambiri si ochokera ku Japan. Chakudya chimayenda ndi anthu ndipo chimasintha panjira. Koma nyumba imene yapachika nyali zamapepala ndi kulemba zilembo za Chijapani pakhomo yabwereka dzina la anthu amene amanyadira kalandiridwe kawo ka alendo, ndipo wobwereka chovala cha mwini ayenera kuchivala mwaulemu.

Pali mbali ina imene nkhaniyi imasiya kukhala ya ulemu chabe n'kukhala ya moyo ndi imfa. Chitsulo cha hibachi n'chimodzi, ndipo pamenepo pamadutsa dzira, batala, msuzi wa soya umene nthawi zambiri umakhala ndi tirigu, chitowe, nsomba ndi shrimp, zonse zotembenuzidwa ndi chipande chimodzi. Zonsezi zili pa mndandanda wa zakudya zisanu ndi zinayi zimene malamulo a ku America amazitchula kuti ndizo zimadwalitsa kwambiri anthu amene matupi awo sagwirizana nazo, ndipo chitowe chinawonjezedwa pa mndandandawo pa 1 January 2023. Kwa munthu amene khosi lake limatupa akangolawa shrimp, ndi malo ochepa amene ali oopsa kuposa tebulo limene tiziduswa ta chakudya tikuuluka m'mwamba. Lesitilanti yodziwa ntchito yake imafunsa funso limeneli pakhomo, imalibwereza pa tebulo, ndipo ikapeza munthu wotere imaphika chakudya chake ku khitchini ya kuseri kapena choyambirira, chitsulo chili choyera ndiponso ndi zipangizo zapadera. Lesitilanti imene imadikira kuti kasitomala adzikumbukire yekha pakati pa phokoso ndi kuomba m'manja yalephera pa chinthu chachikulu kuposa zonse, ngakhale wophika wake atatha kuponya mazira atatu nthawi imodzi. Ngakhale kuponya kwenikweniko kunafikapo kukhoti: banja lina la ku Long Island, m'chigawo cha New York, linasumira lesitilanti ina likunena kuti bambo wa m'banjamo anavulala khosi pozinda shrimp imene inaponyedwa, ndipo ngakhale khoti mu 2006 linapeza kuti lesitilantiyo inalibe mlandu, nkhaniyo inali yokwanira kuphunzitsa aliyense kufunsa kaye asanaponye.

Komabe kungakhale kupanda chilungamo kusenzetsa wophika katundu yense, chifukwa mnyamata amene anadetsa bulauzi ya azakhali anga sanadzilembe yekha ntchito ndipo sanadziphunzitse yekha. Taganizirani chimene munthuyu akufunsidwa kuchita. Aima kwa maola ambiri pamaso pa chitsulo chotentha, akupuma utsi wa mafuta, akukumbukira mapsedwe osiyanasiyana a nyama za anthu asanu ndi atatu, akusewera ndi mipeni yakuthwa, ndipo pamwamba pa zonsezo akuyenera kunena nthabwala zomwezomwezo tebulo ndi tebulo ngati kuti wangoziganiza kumene. Ndi wophika, woperekera chakudya ndi wazisudzo m'thupi limodzi, ndipo tanena kale kuti kuphatikiza ntchito kumeneku ndiko kunali phindu la dongosololi. Ngati amene anamuphunzitsa anathera miyezi akumuonetsa kaponyedwe ka dzira koma osamuuza ngakhale tsiku limodzi tanthauzo la dzanja la mayi wachikulire likakwezedwa, cholakwa chili mu ofesi ya manijala.

Palinso nkhani ya ndalama. Ku Japan kulibe mwambo wosiyira wantchito ndalama yothokoza pa tebulo, ndipo ukaisiya akhoza kukuthamangira nayo panja poganiza kuti waiiwala. Chisamaliro chimawerengedwa kuti chili kale mu mtengo wa chakudya. Ku America zinthu n'zosiyana kotheratu. Kasitomala amayembekezeredwa kuwonjezera 15 mpaka 20 peresenti pa bilu, ndipo lamulo la boma lalikulu limalola olemba ntchito kulipira wantchito wolandira ndalama zothokozazi madola 2.13 okha pa ola, chiwerengero chimene sichinasinthe kuyambira mu 1991, ngakhale zigawo zina monga California zimalamula malipiro athunthu. M'malesitilanti ambiri a hibachi ndalama yothokozayo imagawidwa pakati pa wophika ndi woperekera zakumwa. Zotsatira zake n'zodziwikiratu. Munthu amene lendi yake ikudalira kuwolowa manja kwa tebulo amatumikira amene akufuula kwambiri, chifukwa amenewo ndiwo akuoneka kuti asiya zambiri, ndipo agogo amene akhala chete pa ngodya sakhala m'masamu ake. Omotenashi, amene maziko ake ndi kusayembekezera mphotho, waikidwa m'nyumba imene mphotho ndiyo malipiro, ndipo n'zosadabwitsa kuti amafota. Pa chifukwa chimenechi, ngakhale usiku wa azakhali uja, ndalama yothokoza ndinaisiya yonse, ndipo dandaulo langa ndinakalipereka kwa manijala, amene ndiye anaganiza zopatsa mtsikana mmodzi matebulo ochuluka chotero.

Makasitomala nawonso si angelo, ndipo tebulo la hibachi limaulula khalidwe la munthu msanga kuposa tebulo lina lililonse, chifukwa wophika ali pomwepo, mtunda wa mkono umodzi. Ndaonapo anthu akufika mochedwa ndi mphindi makumi awiri pamene anzawo asanu ndi mmodzi osawadziwa akuwadikira ndi njala. Ndaonapo ena atakhuta sake, mowa wa mpunga umene ophika ena amathira m'kamwa mwa makasitomala kuchokera m'botolo, akuyamba kutsanzira kalankhulidwe ka wophika ndi kumufunsa mafunso achipongwe okhudza kwawo, iye n'kumangomwetulira chifukwa sangachoke pa chitsulo nyama ili pamoto. Ku Japan komwe, kumene kwa zaka zambiri anthu akhala akubwereza mawu oti kasitomala ndi mulungu, atopa nalo khalidwe lotere mpaka kulipatsa dzina loti kasuhara, kutanthauza nkhanza za makasitomala kwa antchito. Mu October 2024 khonsolo ya mzinda wa Tokyo inakhazikitsa lamulo loletsa khalidweli, limene linayamba kugwira ntchito mu April 2025, ngakhale lilibe chilango. Dziko limene limatchuka ndi kugwadira mlendo lafika povomereza kuti ulemu woyenda mbali imodzi umatopetsa wopereka, ndipo amene akufuna kuti wophika aone nkhope yake ayenera kuyamba waona ya wophikayo.

Zimene ndikupempha eni malesitilanti amenewa si zodula. Wolandira alendo pakhomo anene poyera kuti tebulo ndi la anthu asanu ndi atatu ndipo padzakhala kudikira kwa mphindi zakutizakuti, m'malo mongoloza ku bala. Afunse ngati pagulupo pali mwana woopa moto, munthu wachikulire, kapena wina amene thupi lake limakana chakudya china, ndipo uthengawo ufike kwa wophika iye asanakankhe ngolo yake. Woperekera zakumwa asasowe pamene masewera ayamba, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene anthu akudya zamchere pafupi ndi moto ndipo ludzu lafika pakhosi. Ndipo ophika aphunzitsidwe kuti munthu akakana kamodzi wakana, ngakhale tebulo lonse likuomba m'manja. Ine ndikalowa mu lesitilanti yotere masiku ano sindiyang'ananso kutalika kwa malawi, chifukwa mafuta ndi machesi aliyense angazipeze. Ndimayang'ana kumene maso a wophika ali pa mphindi yoyamba, ngati ali pa mipeni yake kapena pa anthu amene akhala patsogolo pake.

Azakhali anga asanabwerere kumudzi ndinawapempha kuti tikayesenso, ulendo uno kwa wophika wachikulire uja, ndipo anavomera monyinyirika atandilonjezetsa kuti palibe chimene chiuluke. Ndinafika msanga n'kumunong'oneza bamboyo, koma anandiyankha kuti wawaona kale pamene ankalowa. Nyama yawo anaiyamba poyambirira pa ngodya yotentha kwambiri ya chitsulo, anaidula kuti aone ngati yapsa mpaka m'kati, ndipo poipereka anagwira mbale ndi manja awiri n'kuwerama pang'ono. Azakhali analandira ndi manja awiri nawonso, anati “Zikomo, bambo” m'Chichewa ngati kuti bamboyo amva, ndipo pamene achinyamata a mbali inayo ankayasamula kudikira masamba awo, iwo anali kalikiliki kundifunsa kuti mpungawo wathiridwa chiyani kuti ununkhire chotero, ine n'kumawauza kuti ndi adyo ndi batala.